MWEZI UKAPITIRIRA: DIKIRANI MLUNGU, OSATI MIYEZI

Pali funso limene azimai ambiri a m'midzi mwathu amalisunga mumtima, osalichula ngakhale kwa amuna ao: "Masiku anga apitirira, kodi ndaima?" Ena amathamangira kukapima nthawi isanakwane, ndipo akaona kuti palibe kanthu amataya nkhaniyo. Ena amakhala cete kufikira citenje cayamba kuthina. Ife tikuti njira zonse ziwirizi n'zolakwika, ndipo yaciwiriyo ndiyo yatayitsa miyoyo.

Coyamba tiyeni timvetse m'mene kopimira mimba kamagwirira nchito. Mbeu ya mwana ikakhazikika m'cibaliro, patapita masiku 6 kufikira 12 cikumanire ca mbeu ya mwamuna ndi dzira la mkazi, thupi la mai limayamba kupanga mphamvu ina imene madokotala amaicha hCG. Mphamvu imeneyi imatulukira mumkodzo, ndipo ndiyo imene kapepala kopimira kamafuna. Poyamba imakhala yocepa zedi, koma imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse. Ndiye cifukwa cace wopima msanga angathe kuuzidwa kuti alibe pakati pamene ali napo ndithu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga tsiku loyenera ndi liti? Kupima kungayambe pa tsiku limene mai amayembekezera kusamba koma osaona kanthu. Komabe yankho lodalirika kopambana limabwera patapita mlungu umodzi. Tiyerekeze kuti mai amasamba masiku 28 alionse, ndipo anayamba kusamba pa 3 March. Ayenera kuonanso pa 31 March. Ngati sanaone, apime pa 7 April. Kwa mai amene masiku ace amasintha-sintha, awerenge masiku 21 kucokera pa tsiku lomaliza kukhala malo amodzi ndi mwamuna popanda codzichinjiriza, ndipo atatero apime.

Mkodzo woyenera ndi woyamba wa m'mamawa, mai asanamwe madzi kapena thobwa, pakuti madzi ambiri amausungunula. Yankho liwerengedwe pa mphindi zimene zalembedwa pa cikuto, kawiri-kawiri zitatu kufikira zisanu. Losiyidwa nthawi yaitali linganamize. Mizere iwiri itanthauza kuti mimba ilipo, ngakhale waciwiriwo ukhale wosaoneka bwino. Mzere umodzi pa cilembo C utanthauza kuti sinapezeke. Ngati pa C sipanaoneke mzere, kapepalako n'koonongeka. Ogula m'masitolo a mankhwala ayang'ane tsiku lothera nchito, ndipo asagule kamene kakhala padzuwa pamsika.

Yankho likati palibe koma kusamba osabwerabe, mai apimenso patapita mlungu wina. Si nthawi zonse kupitirira kwa mwezi kutanthauza mimba. Kuyamwitsa, nyeleti ya kulera ya miyezi itatu, matenda, kuonda, nkhawa ndi ukulu wa msinkhu, zonsezi zimasokoneza masiku. Koma wosiyanitsa zimenezi ndi namwino, osati mnansi wa pacitsime. Safunsa anadya phula.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Acipatala amawerenga mimba kuyambira pa tsiku loyamba la kusamba komaliza, ndipo yonse imatenga milungu pafupi-fupi 40. Motero pa tsiku limene mai wazindikira kuti mwezi wapitirira, milungu inai yatha kale. Mtsempha wa msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka ca m'mlungu wa 6. Mapiritsi a folic acid, amene amathandiza kuti mwana asabadwe ndi cilema ca msana, amagwira nchito imeneyi m'masiku oyambirira omwewo, ndipo n'cifukwa cace ofuna mwana amalangizidwa kuyamba kumwa asanaime n'komwe. Wofika kusikelo ndi mimba ya miyezi isanu waphonya kale mwai umenewu.

M'caka ca 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mai wapakati aonane ndi azaumoyo kasanu n'katatu, ndipo ulendo woyamba ucitike milungu 12 isanathe. Kwa mai wa m'citsanzo cathu uja, malire ace ndi 26 May. Pa ulendo woyambawo amapimidwa magazi, kuthamanga kwa magazi, cindoko ndi kacilombo ka HIV, kuti wopezeka nako ayambe mankhwala msanga ndi kuteteza mwana. Kuyambira mlungu wa 13 amalandira Fansidar woteteza malungo, matenda amene amacepetsa magazi a mai ndi kucititsa padera.

Tikudziwa cimene ena adzanena. Adzati mimba yaing'ono saiulula, kuopa anthu a mtima woipa, ndiponso kuti woyamba kuima ayenera kudikira anamkungwi amucitire cisamba. Mwambo wathu sitiunyoza. Koma kuuza namwino si kulengeza pabwalo la mfumu. Namwino amamangidwa ndi malamulo a nchito yace kusunga cinsinsi. Mai angathe kupita kukiliniki mwakacetecete, cisamba n'kudzacitika pa nthawi yace. Inu anamkungwi ndi apongozi, cilangizo cimeneci cikacokera pakamwa panu cidzamveka kuposa pamene cacokera m'nyuzipepala.

Ena adzati cipatala ciri kutali ndipo ndalama palibe. Za mtunda n'zoona, makamaka m'dzinja pamene mitsinje yadzaza ndipo kumunda kuli kupalira. Koma za malipiro, Boma linacotsa ndalama zolipira m'zipatala za kumidzi m'caka ca 2006. Za mtunda tikuzipereka kwa inu azibambo. Njinga imene imanyamula matumba a nshawa kupita ku Katete kapena ku Petauke singalephere kunyamula mkazi wanu tsiku limodzi. Magulu a SMAG amene ali m'midzi yambiri alipo kuti athandize pa zotere.

Kwa atsikana a pasukulu amene mantha awagwira, ndi kwa makolo ao, tikumbutse kuti kuyambira m'caka ca 1997 dziko la Zambia limalola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka. Kubisa mimba ndi kumwa zitsamba kapena mapiritsi osadziwika kwaika ana ambiri m'manda. Kholo lokalipa liyambe laperekeza mwana kucipatala, milandu idzakambidwa pambuyo.

Pali nthawi imodzi yokha imene kudikira mlungu sikuloledwa. Mai amene mwezi wapitirira, ndipo akumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'mimba, akutaya magazi, kapena akucita cizungulire ndi kukomoka, anyamulidwe tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Mwina mimba yakhala m'njira ya dzira m'malo mwa m'cibaliro, ndipo njirayo ikaphulika imapha m'maola ocepa.

Conco amai, lembani tsiku loyamba kusamba mwezi uliwonse, pa kalendala kapena kucikuto ca buku la nyimbo. Likapitirira, werengani masiku 7, pimani m'mamawa, ndipo mizere ikakhala iwiri, kayambeni sikelo mwezi womwewo.