Matayala akulu pa 4x4: mugula mamilimita 27, mabuleki ndiye alipila

Pitani pa Chiwelu masana pa malo oimikapo mamotoka ku Manda Hill kapena ku East Park, mudzaona fashoni imene yagwila anyamata a ma 4x4. Hilux, Ranger, D-Max, Prado, zonse zaimilila pa matayala akulu, a mano-mano, ena otulukila kunja kwa bodi. Sinizakunamizani, motoka yotele imaoneka bwino. Imaoneka ngati ingakwele phili lililonse. Mukafunsa mwini wake chifukwa chake anachotsa matayala amene motoka inabwela nawo, yankho ni imodzi-modzi: miseu yathu, mudala. Maenje a mu tauni, madzi a ku Kanyama, ulendo wa kumudzi mu December.

Miseu yathu ni yoipa, izo ni zoona. Koma ine nikamba kuti ambili mwa anyamata awa agula chinthu chaching'ono kuposa mmene aganizila, ndipo mtengo wake sunathele pa shopu ya matayala.

Tiyambe na manambala olembedwa pa mbali pa tayala, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Ma Hilux ambili a masiku ano amabwela na tayala lolembedwa 265/65R17. Nambala yoyamba, 265, ni kukula kwa tayala m'mimba mwake, mu mamilimita. Yachiwili, 65, ikamba kuti mphila ya m'mbali ni yaitali 65 pelesenti ya kukula kuja. Ya 17 ni limu, mu mainchi. Mukaphatikiza zonse, tayala lija kuchoka pansi kufika pamwamba ni mamilimita 776. Manje tayala limene anyamata alikonda kwambili ni 285/70R17, limene amalitcha kuti 33. Ili ni mamilimita 831. Kusiyana kwake ni mamilimita 55, koma hafu ya kutalika kumeneku ili pamwamba pa ekiselo, kumene sikukuthandizani kanthu. Chimene chakwela kuchoka pa nthaka ni hafu inayo: mamilimita 27 na pang'ono. Gundanitsani zala zanu ziwili muziyang'ane. Zimene mwagula sizifika na pamenepo.

Nisanyoze kwambili mamilimita 27. Tayala ndiye chinthu chokha chimene chimakweza difu ya kumbuyo. Lift kit imakweza bodi, koma chibuntha cha difu chimakhala pamene chinali. Munthu amene amayenda sabata na sabata mu kamseu ka ku famu, kamene mathilaki a milisi na malasha anakumba mizele iwili yakuya n'kusiya linunda pakati, adziwa kuti pakati pa kupita na kugona m'thengo nthawi zina pamakhala zala ziwili zimenezi. Uyo ali na chifukwa. Funso ni lakuti kodi imwe, amene ulendo wanu waukulu ni kuchoka ku Chelstone kupita ku nchito mu Cairo Road, muli m'gulu limenelo?

Tayala la 33 ni lalikulu na 7 pelesenti kuposa lija la ku fakitale, ndipo 7 pelesenti iyi imalowa paliponse. Motoka siona mseu. Imawelenga chabe kuti wilo lazungulila kangati, n'kuganiza kuti likali lija lakale. Choncho sipidomita ikakuonetsani 100, imwe muli pafupi na 107. Ni zoona kuti mamotoka ambili amachoka ku fakitale sipidomita ikuonetsa liwilo lapamwamba pang'ono kuposa leni-leni, koma kampata kameneko, kamene kanali kukutetezani kwa apolisi a pa mseu, tayala lalikulu limakadya konse n'kupitilila. Makilomita nawo amabisika. Ulendo wa ku Chipata, umene ni makilomita pafupifupi 570 kuchoka mu Lusaka, motoka idzaulemba ngati 530 na pang'ono. Mukadalila nambala imeneyi kuti mudziwe nthawi yosintha oilo, mudzachedwa nthawi zonse. Ndipo amene adzagula motoka yanu kutsogolo adzawelenga makilomita ochepa kuposa amene inayendadi.

Mphamvu nayo imachepa. Aliyense amene anachovako njinga ya magiya adziwa mmene zimamvekela kunyamuka uli mu giya yolimba. Tayala lalikulu limachita zimenezi ku giya iliyonse ya motoka, kuyambila yoyamba mpaka low range. Injini ikali yomweyo, koma mphamvu yokankha imene ifika pa nthaka yatsika na 7 pelesenti ija. Ya manual imafuna kuti muzitentha klachi ponyamuka pa chitunda. Ya automatic imayamba kusakila magiya, kukwela n'kutsika, n'kumatentha. Ndipo pa zonsezi mumaponda kwambili. Tayala la matika ni lolemela, mano ake amakangana na tala, ndipo motoka yokwela imalimbana kwambili na mphepo. Dizilo imene mitengo yake timaiyembekezela kwa a ERB mtima uli m'mwamba, imwe mwasankha kuimwa mowilikiza kuti muoneke bwino pa malobotsi.

Koma chimene chimanidetsa nkhawa kwambili ni mabuleki, ndipo ndicho anyamata sachikamba. Disiki ya buleki siinakule. Mapadi ni omwewo. Manje afunika kugwila wilo lalitali, limene lili ngati sipanala yaitali imene ikuwapotokola, komanso lolemela, limene likayamba kuzungulila silifuna kuima. Pa tala yonyowa, tayala la mano akulu siligwila bwino ngati tayala wamba la pa mseu, chifukwa mphila imene ikhudza pansi ni yochepa. Ganizilani mukutsika mapili a ku Manenekela pa Great East Road, kumbuyo mwanyamula masaka a milisi na achibale amene sanakane lifti, motoka yakwela m'mwamba kotelo kuti pa kona imapendama kuposa kale, sipidomita ikukunamizani, ndipo mabuleki agwila nchito imene sanapangidwile. Pa malo ngati amenewo mamita angapo oonjezela poima ni nkhani ya malilo.

Ndiye pali zija za ku galaji. Tayala la 33 nthawi zambili silikwana m'malo mwake. Mukakhota mpaka kumapeto, limakwecha. Makanika atenga gilainda n'kudula pulasitiki, nthawi zina na chitsulo chimene chigwila bodi. Ena aika ma spacer kuti wilo litulukile kunja, ndipo kulemela konse kumayamba kupachikika patali na mabeling'i. Ena aika lift kit, imene pa mamotoka ngati Hilux na Ranger imapendamitsa ma CV joint a kutsogolo kuposa mmene anawapangila. Pakapita miyezi mumayamba kumva kugogoda. Ma ball joint, ma tie rod, mabeling'i, kamodzi-kamodzi. Mumakamba kuti masipeya a masiku ano ni a feki. Ena ni a fekidi, koma olo a genuine anawapanga kuti anyamule tayala la 776. Kwa mnyamata amene motoka iyi anaigula na nkongole ya ku banki, ndipo amaidalila pa kabizinesi kake konyamula katundu, apa ndiye pamene kaloba amalowela m'nyumba.

Manje yang'anani anthu amene thengo ndiye ofesi yawo. Ma Land Cruiser 70 amene ni maambulansi ku zipatala za kumidzi, kapena amene oyang'anila nyama amayendela ku South Luangwa, ambili aima pa tayala loonda, lalitali, la 7.50R16 kapena mbale wake 235/85R16. Ili lachiwili ni mamilimita 806 kutalika, kuposa la Hilux ija, koma ni lochepa m'mimba. Silioneka bwino pa Instagram, limaoneka ngati miyendo ya kakowa. Koma limaboola matika oteleleka a pamwamba n'kupeza nthaka yolimba pansi, limakwana mu mizele ya mathilaki, ndipo siligunda zitsa zambili m'mbali. Chinanso, saizi ya 7.50R16 ni imene mathilaki ang'ono ambili amavala, choncho likaphulika kutali na Lusaka muli na mwayi wopeza lina. Yesani kufuna tayala la 35 ku Chama pa Sondo masana.

Wina adzakamba kuti nanga mchenga wa ku Mongu na ku Kalabo, si ufuna tayala lalikulu m'mimba? Madalaivala a kumeneko chimene amachita akafika pa mchenga ni kuchotsako mpweya. Tayala likafewa limagona pansi motalika, motoka n'kuyandama m'malo mokumba. Mukabwelela pa tala mumapopanso. Kapampu kolumikiza ku batile na kageji koyezela mpweya, zonse pamodzi sizifika mtengo wa tayala limodzi la 33, koma mu mchenga zimakupulumutsani kuposa matayala anayi opopedwa gwa.

Za madzi a mainza ndiye nizikana kothelatu. Chimene chimapha injini m'madzi ni madzi kulowela kumene injini imakokela mpweya, ndipo zala ziwili sizisintha zambili pamenepo. Chimene tayala lalikulu limapatsa dalaivala ni kulimba mtima kwabodza. Amalowa m'madzi a mu komboni mothamanga, funde lake n'kukalowa m'nyumba za anthu na kumiza tomato wa amayi a pa kantemba. Amene tinakulila m'makomboni tiidziwa nkhope ya munthu amene wathilidwa madzi akuda atavala yunifomu ya ku nchito.

Apa ndiye pali nkhani imene ikhudza ngakhale imwe amene mulibe motoka, ndipo ndimwe ambili. Mu Lusaka timayenda pansi m'mbali mwa mseu, pamene nthawi zambili palibe na poyenda anthu. Motoka ikakwela na matayala pamodzi na lift kit, boneti imakwela, ndipo mwana wa giledi 1 amene waima pafupi kutsogolo kwake dalaivala samuona. Malaiti nawo amakwela, n'kumathobwa m'maso aliyense wobwela kutsogolo usiku ngati mwini wake sanawatsitse. Tayala lotulukila kunja kwa bodi limaponya miyala na matika kwa oyenda pansi, kwa a njinga, na pa galasi la motoka ya kumbuyo. Mwini motoka anasankha yekha kuoneka bwino, koma awa palibe anawafunsa.

Pali gulu lina limene nifuna kulipatula, chifukwa iwo agula zosiyana na zimene akamba. Awa ni aja amaika malimu a 20 kapena 22 na kamphila kopyapyala ngati lamba. Wilo limaoneka lalikulu, koma chimene chimalandila nkhonya ya dzenje ni mphila ya m'mbali, ndipo iwo aichotsa. Dzenje limodzi labwino, limu yapindika, tayala latupa chotupa. Ngati vuto lanu ni maenje, mufunika limu yaing'ono na mphila yambili.

Nanga sipeya? Ambili amagula anayi, lachisanu n'kusiya lakale chifukwa ndalama zatha, kapena chifukwa lalikulu silikwana pansi pa bodi. Tsiku limene mudzalifuna, mudzakhala na wilo limodzi lozungulila mofulumila kuposa anzake. Pa motoka ngati Prado, imene mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, madifu amagwila nchito kosapuma kuti akonze kusiyana kumeneku, ndipo kuyenda mtunda wautali chotelo ni kuitana bilu yaikulu. Ndipo popeza matayala akulu atsopano ni odula, ambili amathamangila a salaula. Ngati mwafika pamenepo, funani manambala anayi a kumapeto kwa mzele woyamba na DOT: 2319 itanthauza kuti tayala linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Mphila imakalamba olo mano akali bwino. Onaninso nambala ya katundu: 112 itanthauza makilo 1,120 pa tayala limodzi. Musatsike pansi pa nambala imene motoka yanu inabwela nayo.

Ngati mufunadi kukwelako, kwelani sitepe imodzi. Pa Hilux ija, 265/70R17 ni mamilimita 803: yakula na 3 pelesenti na pang'ono, yakukwezani mamilimita 13, ndipo kambili imafuna kudula kochepa kapena osadula kanthu. Sankhani all-terrain m'malo mwa la matika, chifukwa masiku anu ambili muli pa tala. Gulani asanu. Mukatuluka pa shopu, pemphani mnzanu atsegule GPS pa foni, muyelekeze na sipidomita, mudziwe bodza lake kuti ni lalikulu bwanji. Auzeni a inshuwalansi zimene mwasintha, mochita kulemba, kuti tsiku la ngozi asapeze pothawila. Ndipo ngati nchito yanu ifunadi 33, ikani mu bajeti kusintha magiya a mu difu kutsogolo na kumbuyo, kukonza sipidomita na kuunikanso mabuleki. Mukaphatikiza ndalama zimenezo mutakhala pansi, ambili mudzapeza kuti 265/70 ikukwanilani.