Mankhwala a chiwindi akusakidwa ku Joni, koma kuyezetsa kuyambire ku Sanga

Ngati kwanu ndi ku Sanga, ku Chintheche kapena ku Kande, simusowa m'bale amene ali ku Joni. Agogo ankapita ku migodi, ana a lero amakwera basi kukasaka maganyu. Mumzinda womwewo wa Johannesburg muli ntchito ina imene ikukukhudzani, ngakhale mwina simunaimvepo.

Pa yunivesite ya Witwatersrand pali Pulofesa Patrick Arbuthnot. Iye anaphunzira udokotala, koma zaka zambiri wazithera mu labotale akulimbana ndi kachilombo kamodzi, ka hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi. Pa sukulu yomweyo panalinso Pulofesa Michael Kew, amene kwa zaka makumi angapo anafufuza khansa ya chiwindi pakati pa anthu a kum'mwera kwa Africa ndi mmene imayenderana ndi kachilomboka.

Vuto lake ndi ili. Kachilomboka kakalowa m'chiwindi, kamabisa kamphete ka DNA yake mkatikati mwa selo. Mankhwala amene tili nawo, monga tenofovir, amakaletsa kuswana, ndipo apulumutsa anthu ambiri. Koma ali ngati munthu wosadza mphukira pa chitsa: akangosiya, chitsa chimaphukanso. Gulu la Arbuthnot likufuna kuzula chitsacho. Mu 2013 linaonetsa kuti tizida totchedwa TALEN, timene timadula DNA pamalo amene tatumidwa, tingafooketse kachilomboka m'maselo oweteredwa mu labotale ndiponso m'mbewa.

Mbewa si munthu, ndipo zaka zoposa khumi zadutsa mankhwala otere asanafike pa shelefu ya chipatala chilichonse. Chiwindi cha munthu choyeserapo sichipezeka chisawawa. Apa ndi pamene pathandiza nzeru ya Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene mu 2006 anapeza njira yobwezera selo yokhwima ku ukhanda wake, kuti isanduke selo ya mtundu wina. Lero ofufuza amapanga maselo a chiwindi mwa njira imeneyi n'kumayeserapo mankhwala.

Mwina mukuti zonsezi n'za anthu olemera. Simukulakwa kwenikweni. Mu 2022 dziko la America linavomereza Hemgenix, mankhwala a matenda amene magazi saundana munthu akavulala. Amagwira ntchito potumiza DNA yabwino m'maselo a chiwindi, ndipo mtengo wake unali madola 3.5 miliyoni pa munthu mmodzi. Muwerengere nokha kuti ndi zigoba zingati za usipa.

Komabe sindigwirizana ndi amene amati kafukufuku wotere tiwasiyire azungu. Mu 2021, maiko olemera atadzikundikira katemera wa Covid-19, bungwe la WHO linakhazikitsa malo ophunzirira kupanga katemera wa mRNA ku kampani ya Afrigen ku Cape Town. Ena mwa akatswiri amene anathandiza kumeneko anachokera m'gulu lomweli la Arbuthnot. Luso limene anapeza polimbana ndi matenda a chiwindi linagwira ntchito pa mliri umene palibe anauyembekezera. Mtsikana wa ku Bandawe amene amakhoza bayoloje ayenera kumva kuti ntchito yotere iliko, kuno ku Africa konkuno, ndipo boma ndi mayunivesite athu azimutsegulira njira.

Nkhawa yanga ili pena. Ngakhale mankhwala ozula chitsa atabwera mawa, aulere, adzapatsidwa kwa ndani? WHO imati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka m'thupi, koma mwa anthu 100 aliwonse, 13 okha ndiwo anali atayezedwa n'kudziwa. Hepatitis B sapweteka poyamba. Munthu amapalasa bwato, kulima chinangwa, kudya kondowole wake bwinobwino kwa zaka 20 kapena 30. Pamene maso ayamba chikasu ndi mimba kutupa, chiwindi chimakhala chitauma kale kapena khansa italowa. Pamenepo m'mudzi mumayamba kulozana zala, ndipo wodwala amatemeredwa mphini ndi lumo limene mawa lidzatemera wina. Kachilomboka kamayenda m'magazi, pogonana, komanso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa.

Msinkhu ndi umene umasiyanitsa kwambiri. Wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Khanda likakatenga, mwa makanda 10 pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti mwana abayidwe katemera pasanathe maola 24 chibadwire. Ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana a ku sikelo mu 2002, ndipo amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Ngati munabadwa chakacho chisanafike, ku sikelo simunamulandire.

Pali chinanso chimene chimandidabwitsa. Tenofovir ali kale m'dziko muno, m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B amathandizidwa pa matenda onse awiri ndi piritsi limodzi, ndipo akasiya kumwa, chiwindi chikhoza kutupa mwadzidzidzi. Mnzake amene ali ndi hepatitis B yekha, koma sanayezetse, sapeza kanthu, pamene mankhwala ali pafupi chonchi.

Choncho mukapita ku chipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay, funsani za kuyezetsa hepatitis B, makamaka ngati muli oyembekezera kapena m'banja mwanu wina anamwalira ndi matenda otupa mimba. Mukapezeka nako, si onse amene amayamba mankhwala nthawi yomweyo; adokotala amayamba aona mmene chiwindi chilili. Koma kachasu musiyiretu, ndipo mtedza ndi chimanga zochita chuku musadye, chifukwa poizoni wake akakumana ndi kachilomboka khansa imabwera msanga. Akunyumba kwanu nawonso mupite nawo akayezedwe.