Mbatata ya pa njira

Ana inu, nanenso ndinali mwana ngati inu.

Nkhondo ya m'dziko lathu inatha m'caka ca 1992. M'caka ca 1993 tinacoka ku Dedza, ku Malawi, kumene tinathawira. Tinali kubwerera kwathu ku Ulongwe. Tinayenda pansi. Dzuwa linawala kwambiri. Njala inandipweteka ndipo ndinalira.

Pa njira tinakumana ndi agogo ena. Sitinali kuwadziwa. Anali ndi mbatata zophika ziwiri zokha. Anandipatsa imodzi nati:

— Idya, mdzukulu wanga.

Amayi anagwada nawomba m'manja. Agogo aja anati:

— Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Dzina lawo sitinafunse. Ndikaleka kukamba za iwo, adzaiwalika. N'cifukwa cake ine ndikuti nkhani zotere tizizikamba. Mwana amene wamva za mbatata ija sangamane mnzace cakudya.

Makolo, mukatha kudya madzulo, auzeni ana za anthu amene munakumana nawo.

Ana inu, funsani kunyumba: "Amayi, ndani anakuthandizani pa mabvuto?" Mawa mudzatiuze kusukulu.