Matsenga akhale m'buku, osati pakhungu la mwana

Kuno ku Chimwankhunda mwana akapezeka ndi buku lokhala ndi chinjoka pachikuto, kapena mnyamata wonyamula kandodo ka matsenga, mlandu wake suchedwa kugamulidwa. Mayi amalanda n'kunena kuti, "Zausatanazi m'nyumba mwanga muno ayi," ndipo Lamulungu nkhaniyo imakafika kwa abusa. Mabuku a Harry Potter, amene ana amatola pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndiwo aona zakuda kwambiri. Chonsecho mayi yemweyo adakula akuvomera "tilitonse" agogo akamasimba za Kamdothi.

Taikumbukirani nthanoyo. Mayi wosowa mwana adaumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo. Ankasewera ndi anzake, koma kumwamba kukangoda ankayenera kuthamangira kunyumba, mayi ake akumuitana ndi nyimbo. Tsiku lina adapita patali, mvula idamupeza, ndipo adasungunuka. Sindidamvepo mbusa akuidzudzula nthanoyi. Tonse timadziwa kuti ikukamba za banja lolera mwana wosiyana ndi anzake, za nkhawa ya kholo, ndi za mwana wotopa ndi kuuzidwa kuti iye yekha asapite kumene anzake akupita. Mabuku a nthano zodabwitsa olembera achinyamata amagwira ntchito yomweyi. Ine ndikuti alekeni ana awerenge. Nkhawa yanga ili pena.

Mu 2011 Nnedi Okorafor, wolemba wa ku America amene makolo ake ndi a ku Nigeria, adatulutsa buku lotchedwa Akata Witch. Mwini nkhani ndi Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12, wobadwira ku New York koma wokhala ku Nigeria. Kusukulu amamunyoza chifukwa cha khungu, amamunyozanso kuti ndi wobwera. Mpira amautha kwambiri koma dzuwa limamuletsa kusewera masana. Bambo ake samuonetsa chikondi, ndipo pali chinsinsi cha agogo ake akuchikazi chimene mayi ake safuna kuchitchula. Mwana aliyense amene adafunsapo kuti "Kodi ine ndidatengera yani?" adzadziona m'menemo. Kenaka Sunny amazindikira kuti ali ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo iye ndi anzake atatu amalimbana ndi munthu wopha ana pofuna zizimba.

Bukuli ndidaliwerenga mtima uli pawiri. Ndi lokoma, ndipo mtsikana wachialubino ndiye ngwazi, osati wongomveredwa chisoni. Koma m'nkhaniyo mphamvu zake n'zolumikizana ndi chialubino chakecho. Wowerenga wa ku London angaone kuti apa wolemba wasandutsa chitonzo kukhala ulemu. Kuno kwathu ganizo loti m'thupi la munthu wachialubino muli mphamvu ina ndi lomwe lakumbitsa manda. Bungwe la Amnesty International lidalengeza mu 2016 kuti anthu achialubino osachepera 18 adaphedwa m'Malawi kuyambira Novembala 2014. MacDonald Masambuka, nayenso wachialubino, adaphedwa ku Machinga mu 2018, ndipo mwa omwe khothi lidawapeza olakwa mu 2022 mudali wansembe ndi wapolisi. Amene amachita izi amakhulupirira kuti mafupa amabweretsa chuma. Nthawi zina wogulitsa mwanayo amakhala wachibale.

Sindikunena kuti Okorafor ndi wolakwa pa imfa ya aliyense. Opha anthu sawerenga mabuku otere. Ndikulankhula ndi alembi athu amene angafune kutsanzira njira yake. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Ambiri ndi ana, ena a iwo akukwera nafe minibasi ya ku Zingwangwa, atavala chipewa chachikulu ndi malaya a mikono yaitali kunja kukutentha, m'kalasi akukhala kutsogolo kuti aone zolembedwa pabolodi. Mwana ameneyu wamva kale zokwanira kuti thupi lake ndi lachilendo. Anyamata ena amamukuwiza pamsewu kuti "ndalama izo". Buku lomuuza kuti zoonadi ndiwe wamatsenga, koma matsenga abwino, silinamuchotse pamalo pomwe anthu adamuika.

Chimene ndikufuna n'chakuti m'nkhani mukhale zodabwitsa zonse zimene wolemba angathe kulota, koma mtsikana wachialubinoyo apambane chifukwa ndi wochenjera, wamakani, wodziwa njira zachidule za pakati pa Chimwankhunda ndi Chilobwe kuposa mdani wake. Azidzola mafuta oteteza khungu, azikangana ndi mlongo wake pa nkhani yotsuka mbale, azilakwitsa ngati mwana wina aliyense. Mphamvu zodabwitsazo zipatsidwe kwa mnzake wakhungu lakuda, kapena zikhale m'damu, kapena m'phiri. Ndipo asafe pamapeto kuti ena atolepo phunziro. Ana osiyana ndi anzawo asungunuka mokwanira m'nthano zathu.

Zolembera sizikusowa. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, dzina la Napolo lidabwereranso pakamwa pa anthu, Napolo yemwe Steve Chimombo adamulemba kwa zaka zambiri. Mbona wa ku Khulubvi alipo. Alembi nawo alipo: Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula alemba nkhani zodabwitsa zomwe zawerengedwa kunja. Vuto n'lakuti zimenezi zili m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri zimalunjika kwa akuluakulu. Mwana wa Fomu 1 pasukulu yoyendera akafuna buku la m'Chichewa lonena za mnzake wamsinkhu wake wolimbana ndi zilombo, amabwerako chimanjamanja.

Bungwe la alembi la Malawi Writers Union likanaitanitsa nkhani zotere m'Chichewa pa mpikisano wake, ndipo zolembedwazo zisanasindikizidwe zikanadutsa m'manja mwa achinyamata a m'bungwe la anthu achialubino la APAM kuti anene okha ngati akudziona m'menemo. Chitsanzo cha ngwazi yopanda matsenga chilipo kale: a Overstone Kondowe, amene adatsogolerapo APAM, adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2021 ngati phungu woyamba wachialubino, atapambana chisankho ku Nkhotakota. Adachita kuyenda m'midzi kupempha mavoti, ndipo anthu adawavotera.