Kamera Imaona Mbava, Koma Ilibe Manja

M'dera lathu kuno ku Lilongwe, khomo lililonse lili ndi nkhani yake ya kuberedwa. Ena anawathyolera masana, dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali kuntchito. Ena usiku mvula ikugunda pamalata, moti ngakhale chitsulo chokanulira chitseko sichinamveke. Ena anadzuka m'mawa n'kupeza galu atauma pakhonde, thovu lili kukamwa, atam'ponyera nyama ya tameki. Batire la galimoto, sola ya padenga ndi mpopi wa panja zonse zitapita. Tatopa, abale. Tatopa ndi kugona khutu limodzi lili panja.

Musaganize kuti tangokhala manja lende. Tinayamba ndi mabagala m'mawindo. Atayamba kuwakanula, tinamanga mipanda ya njerwa n'kusanja mabotolo osweka pamwamba pake. Atayamba kuyala chiguduli pamabotolopo n'kulumpha, tinaonjeza waya waminga, chitseko chachitsulo ndi maloko atatuatatu. Nyumba zathu zasanduka ndende, ndipo ambiri timachita mantha tikaganiza kuti moto utabuka usiku, ana tidzawatulutsira pati kiyi atasokonekera mumdima.

Tsopano kwabwera makamera. Anyamata oika makamerawa amayenda khomo ndi khomo, foni ili m'manja: "Bwana, apa mwathana nazo. Muzionera nyumba yanu muli ku ofesi, ngakhale muli kumudzi." Zoona, pafoni yawoyo chithunzi chimaoneka mbee. Ambiri tinakopeka. Ena anagula a mawaya, okhala ndi kabokosi kosunga zithunzi m'nyumba. Ena anagula aja ooneka ngati babu, omangirira pamalo pa getsi la pakhonde n'kulumikiza ku intaneti. Zonsezi n'zochokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera limodzi ndi ya shuga ndi feteleza. Alipo anzathu amene anasiya kupulasitala nyumba, ena anachedwetsa fizi ya mwana, kuti diso lija likhale pakhoma.

Zimene sanatiuze tinaziphunzira tokha. Kamera imadya magetsi, ndipo magetsi akazima nayo imatsinzina. Tonse tikukumbuka zimene zinachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022: dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tinakhala mumdima maola ambirimbiri mpaka mu 2023. Mbava nazo zimakhala m'makwalala omwewa, zimadziwa nthawi imene dera lazimiridwa. Ukadandaula, woika kamera uja amati ugulenso batire ndi inveta, kapena sola. Wagula, ndiye sola yomweyo n'kukhala chinthu choyamba kubedwa. Ya pafoni ija imafuna bandulo, ndipo bandulo ikatha pakati pa mwezi, nyumba yako suionanso. Ikakhala ndi bandulo, foni imalira usiku wonse chifukwa cha mphaka, gulugufe wozungulira getsi, kapena kangaude amene waluka ukonde pagalasi. Pakatha sabata umazimitsa belu lija kuti ugoneko, ndipo tsiku lobwera mbava zenizeni foni imakhala chete. Kabokosi kaja nako kakadzaza kamafufuta zakale n'kulemba zatsopano, moti ukapita kumaliro kumudzi n'kukhalitsako, pobwera umapeza umboni utafufutika.

Koma chimene chinatipweteka mtima kwambiri ndi cha mayi wamasiye wa mumzere mwathu. Anagula makamera awiri ndi ndalama za banki m'khonde. Atamuthyolera, m'mawa mwake tinasonkhana pabalaza pake, pamene panali wailesi yakanema patangotsala mawaya ali lendelende, n'kumaonera pafoni ya mwana wake. Chithunzi cha usiku chilibe mtundu, n'chotuwa ngati phulusa, maso a munthu akuwala ngati a mphaka. Anthu atatu anatsika pampanda mosapupuluma. Onse anavala zipewa ndi masiki aja tinazolowera nthawi ya Covid-19. Mmodzi anali ndi chikwanje, wina chitsulo. Wachitatu anayang'ana m'mwamba, n'kutola nsungwi yochirikizira chingwe choyanikira zovala, n'kukankha kamera mpaka inaloza kumitambo. Kuyambira pamenepo tinangoona mdima. Mayiyo anabwereza kanemayo kasanu, kenako anati, "Aneba, ndiye ndagula chiyani? Ndagula zoti ndizionera mmene akundibera?" Palibe anayankha.

Tinamuperekeza kupolisi. Wapolisi amene tinamupeza anatilandira bwino, analemba zonse, naonera kanemayo mofatsa. Atamaliza anafunsa funso limene tonse tinkaliopa: "Amayi, mwa anthuwa alipo amene mukumuzindikira?" Tingazindikire bwanji maso okha? Zoti abwere kudzaona pamalopo zinadikira kaye, poti galimoto inalibe mafuta, ndipo tinasonkherana ya kabaza. Sitikunyoza apolisi, ena ndi ana athu, ndipo tikuona mmene akuvutikira pantchito. Koma misonkho timalipira pa sopo, pa mayunitsi, pa chilichonse. Zikutheka bwanji kuti munthu woberedwa ndiye alipirenso ulendo wa wofufuza?

Akagwidwa mmodzi, pakangopita masiku ochepa timakumana naye pamsika. Akuti watuluka pa belo. Tikudziwa kuti malamulo a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, komanso kuti woganiziridwa sanakhale wolakwa mpaka khoti litagamula. Lamulolo sitikulida, mawa likhoza kuteteza mwana wathu. Chimene chimatiwawa n'choti wodandaula sauzidwa kanthu: tsiku la mlandu salidziwa, katundu wake sakudziwa ngati anapezeka, ndipo munthu amene anam'nenera uja akudutsa pageti pake akumuyang'ana m'maso. Mtima wa anthu ukafika pamenepo ndi pamene timamva zoti kwinakwake amuotcha munthu ndi matayala. Zimenezo sitikuzifuna m'dera lathu, ndipo makamerawa akuonjezera ngozi yake. Kakanema kosaoneka bwino kakaponyedwa pa gulu la WhatsApp, wina amangoti, "Kayendedwe aka ndi ka mnyamata uja wa maganyu." Basi, dzina la mwana wa eni ake laipa, mwina n'kumenyedwa, pa chithunzi chimene ngakhale mayi ake sangamuzindikire. Woyamba kuganiziridwa nthawi zonse ndi wantchito wa m'nyumba kapena mlonda, munthu amene timamupatsa chibonga ndi tochi kuti alimbane ndi gulu la zikwanje, pa malipiro osafika n'komwe kumapeto a mwezi.

Abale athu ali ku Joni nawo ali m'madzi omwewa. Amatumiza ndalama zomangira nyumba kuno, n'kuikitsa kamera papuloti kuti aziona simenti ndi malata awo. Usiku wina amaonadi, ali ku Johannesburg, anthu akusenza matumba. Amaimba foni kwa achimwene awo, foni ili yozima chifukwa kulibe magetsi. Kumacha atangoonerera thukuta lawo likutuluka pageti.

Palinso mbali imene tiyenera kuinena ngakhale ikutikhudza tokha. Katundu wobedwayu sapita kumwamba. Amagulidwa, ndipo ogula ndi anthu a m'makwalala mwathu momwemu. Munthu akakubweretsera foni yodula pamtengo wa nkhuku ziwiri, yopanda bokosi kapena lisiti, umadziwa kumene yachokera. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu m'malamulo athu, koma ndi angati amene timawaona akuyankha mlanduwo? Nanga ogula zitsulo zakale amene amalandira mipopi, mamita a madzi ndi mawaya a kopa osafunsa n'komwe, amawayendera ndani?

Ndiye mipanda ija yatilekanitsa. Kale mlendo akaima pakhomo la mnzako, amayi otsuka mbale kuseri ankafunsa, "Mukufuna ndani, bambo?" Lero lole inaima pageti la nyumba ya pakona masanasana, anthu n'kumapakira mipando ndi firiji, ife odutsa n'kumati akusamuka. Mwini nyumbayo sitinkamudziwa ngakhale nkhope. Anyamata a nebahudi amene amazungulira usiku ndi mawezulo amadalira kangachepe kamene timasonkha pamwezi, koma akagogoda pamageti ataliatali aja, yankho limatulukira pakabowo: "Kuno tili ndi makamera." Chaona mnzako chapita, nawonso anyamata aja akagwa ulesi n'kusiya, msewu wonse umatsala pambalambanda.

Zimene tikupempha si zapatali. Tikufuna magetsi a mumsewu oyaka, chifukwa njira yochokera pasiteji kufika kwathu ndi mdima wokhaokha. Tikufuna kuona wapolisi akuyenda wapansi m'dera lathu usiku, osati pokhapokha kukachitika maliro. Tikufuna kuti nambala ya 997 tikaimba, kubwere munthu mbava zisanafike kutsidya la dambo. Tikufuna woberedwa aziuzidwa pamene mlandu wake wafika.

Lamlungu lapitali tinakumana pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu a m'dera lathu. Tinalembana manambala a foni nyumba ndi nyumba, ena tikumva maina a aneba athu koyamba patatha zaka tikukhala moyandikana. Tinasonkha yogulira mababu awiri a sola oika pamphambano, ndipo mpaka pano tikukanganabe za mmene tingawamangirire kuti asabedwe. Mayi wamasiye uja kamera yake anaiwongola, ikuyang'ananso pageti. Koma anatiuza kuti masiku ano amagona ndi wezulo pansi pa pilo, ndipo anatipempha kuti tikadzaimva tidzatuluke.