Amene anamulakwira Gabriel Yared si James Horner

Papita zaka zoposa 20 chitulukireni filimu ya Troy, koma okonda nyimbo za m'mafilimu sanautulebe mlandu wake. Mukangotchula dzina la James Horner, wina amadzambatuka ngati mwamudyetsera mbuzi m'munda: eti Horner ndi wakuba, Horner ndi waulesi, Horner anadya nsima yomwe anaphika mnzake. Akafika pa Gabriel Yared amatsitsa mawu ngati ali pasiwa. Ine ndatopa nawo mlandu umenewu, ndipo ndinena mosapsatira: abale anga, mukuzenga munthu wolakwika.

Kwa inu amene Troy munangoionera Brad Pitt ndi ndewu, nkhani yake ili motere. Wotsogolera filimuyi, Wolfgang Petersen, analemba ntchito Yared kuti apeke nyimbo zake. Yared si kamwana pantchitoyi. Ndi mkulu wobadwira ku Beirut yemwe anapata Oscar chifukwa cha nyimbo za mu The English Patient. Anaigwira ntchito ya Troy pafupifupi chaka chathunthu, n'kujambula ndi gulu lalikulu la oimba zida komanso kwaya. Kutatsala milungu yochepa kuti filimu ituluke mu Meyi 2004, a situdiyo ya Warner Bros. anaionetsa kwa anthu ochepa kuti alawe kaye. Ena mwa olawawo anadandaula kuti nyimbo zikumveka zachikale. Basi, ntchito ya chaka chonse inathera pomwepo. Anaitana Horner, yemwe anapeka zina ndi kuzijambula m'milungu pafupifupi inayi. Yared, mtima utamupweteka, analemba kalata yodandaula poyera n'kuika nyimbo zake pa intaneti kuti dziko limve. Sizinakhalitsepo, poti mwini wake wa nyimbozo mwalamulo ndi situdiyo, koma zinali zitafalikira kale.

Kuti Yared anachitiridwa nkhanza, zimenezo sinditsutsa ngakhale pang'ono. Munthu wakhetsa thukuta chaka chathunthu, kenako n'kumuchotsa chifukwa cha timapepala tomwe alendo anadzaza akuthamangira kwawo, osamupatsa ngakhale mpata wokonza pomwe pakuvutapo. Nazonso nyimbo zakezo n'zokoma zedi: kwaya yolemera, malipenga ogwedeza chiwindi, maliro omveka kuti ndi malirodi. Ndimazimvera mpaka lero. Pomwe tasiyana maganizo ndi pa zinthu ziwiri zomwe anzanga amalumphirapo: kuti nyimbo zokanidwa nthawi zonse zimaposa zolowa m'malo, komanso kuti wolowa m'maloyo ndiye mfiti.

Tiyambe ndi choyambacho. Ambiri omwe amalumbira kuti za Yared n'zapamwamba anazimva pa foni, mahedifoni ali m'makutu, maso ali chitsinzire. Za Horner anazimva zikulimbana ndi phokoso la malupanga, akavalo, mafunde a panyanja ndi mawu a osewera. Mpikisano wotero ndi wokondera. Nyimbo ya m'filimu ili ngati suti yomwe telala wasokera munthu mmodzi. Itapachikidwa pashopu ikhoza kuwala kuposa zonse, koma mlandu wake umagamulidwa mwiniwake akaivala n'kuyenda nayo. Suti ya Yared sinavalidwepo pagulu. Timavidiyo tomwe anthu amalumikiza okha kunyumba, kuika nyimbo zake pa zithunzi za Troy, timangotilawitsa chabe, chifukwa filimu yeniyeni imadutsa m'manja mwa osakaniza mawu omwe amatsitsa apa, kukweza apo, kudula pena. Nyimbo yokanidwa sinakhumudwitsepo munthu m'holo ya kanema chifukwa sinalowemo. N'chifukwa chake imaoneka yopanda banga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsopano za Horner ndi kapekedwe kake. Milandu yomwe amamuimba ndikuidziwa, ndipo ina ndi yoona. Ali ndi kanyimbo kake ka manotsi anayi kosonyeza kuti zoopsa zayandikira, komwe mukamva mu Willow, mu Enemy at the Gates, mu Troy, mpaka mu Avatar. Otsutsa amati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo mu Troy kanyimboka anakabwerezadi mpaka kufika pokwana. Amene makutu awo anazolowera nyimbo za akatswiri akale amamvamonso fungo la Shostakovich ndi la War Requiem ya Benjamin Britten. Zonsezi sindikubisa.

Koma tafunsani telala aliyense pamsika. Mukamubweretsera nsalu Lachinayi kuti ukwati uli Loweruka, sayamba kuyeserera masitayilo achilendo. Amatenga kadulidwe komwe manja ake akukadziwa kale, kuti mkwatibwi asapite kutchalitchi atafunda chitenje. Horner anapatsidwa filimu ya maola oposa awiri ndi theka, tsiku lotulutsira litalengezedwa kale, ndalama zankhaninkhani zitamwazidwa kale. Mumafuna atani? Ndipo m'kati mwa liwiro limenelo anachitamo zanzeru. Kaonereninso ndewu ya Achilles ndi Hector m'filimu yomwe inatuluka mu 2004. Wopeka wamantha akanathira malipenga onse pamenepo. Horner anasiya ng'oma zokhazokha, zouma, zodukizadukiza, moti umamva kupuma kwa amuna awiriwo n'kudziwiratu kuti mmodzi sabwerera kwawo. Munthu waulesi saganiza choncho. Dziwaninso kuti mawu achisoni a mayi amene mumawamva m'filimuyi ndi a Tanja Tzarovska wa ku Macedonia, yemwe anali ataimba kale m'nyimbo za Yared. Adani awiri omwe mumawapangawa anagwiritsa ntchito pakhosi pamodzi.

Za kubwereza kalembedwe, tisamanamizane. Tikamva gitala ya woimba yemwe timamukonda n'kumuzindikira asanatsegule pakamwa, timati ali ndi sitayilo yake. Tikamva zomwezo kwa amene tinamuda kale, timati watha nzeru. Horner yemweyu ndi amene anakulizani misozi mu Titanic ndi mu Braveheart, ndipo simunafunse kuti manotsiwo anawatenga kuti.

Ngati mukufunabe kunena kuti wolowa m'malo ndi mfiti, ndiye mundiuze kuti Jerry Goldsmith timuika mbali iti. Mu 1974 nyimbo za Phillip Lambro za filimu ya Chinatown zinakanidwa, Goldsmith n'kupeka zina m'masiku khumi okha. Anasankha mapiyano anayi, azeze anayi, zoimbira za nsambo, ng'oma ndi lipenga limodzi lolira lokhalokha. Lero bungwe la American Film Institute limaziika pa nambala 9 pa mndandanda wa nyimbo za m'mafilimu a ku America zopambana zonse. Ndani akulirira Lambro? Patapita zaka, Goldsmith yemweyo anapeka nyimbo za Legend ya Ridley Scott, koma filimuyo potuluka ku America anazichotsa n'kuikamo za gulu la Tangerine Dream, pofuna kukopa achinyamata. Mu 1997 ndi iyeyo amene analowa m'malo mwa Randy Newman pa Air Force One. Mu 2003 anamuchotsanso pa Timeline, Brian Tyler n'kutenga malo. Munthu mmodzi, kawiri wolanda, kawiri wolandidwa. Ndiye anali mngelo Lolemba, satana Lachiwiri? Ayi ndithu. Anali mmisiri wogwira ntchito m'makampani momwe mawu omaliza si ake.

Nkhani yomwe olira maliro a nyimbo zokanidwa amaikonda kwambiri ndi ya Alex North. Stanley Kubrick, yemwe anagwira naye bwino ntchito pa Spartacus, anamupempha nyimbo za 2001: A Space Odyssey. North anapeka n'kujambula ku London. Anadzazindikira kuti nyimbo zake mulibemo ali chikhalire m'holo, filimu ikuonetsedwa ku New York mu 1968. Chipongwe choposa apa n'chosowa, ndipo Kubrick ndimamuimba mlandu wamwano. Koma pa nyimbo penipenipo, Kubrick analondola. Goldsmith, mnzake wa North, anajambula nyimbo zokanidwazo n'kuzitulutsa pa chimbale mu 1993, choncho aliyense akhoza kudzimvera yekha. N'zaluso, palibe wokana. Koma ndani mwa inu angalole kuti chombo chija chizizungulira m'mlengalenga popanda The Blue Danube ya Johann Strauss? Ndani angachotse Also sprach Zarathustra ya Richard Strauss pomwe nyani uja akutola fupa, kapena kwaya yoziziritsa nkhongono ya György Ligeti pamwala wakuda uja? Munthu akhoza kukhala wamwano n'kukhalabe wolondola, ndipo mtima wathu womvera chisoni North usatitseke makutu.

Chimodzimodzi Bernard Herrmann. Iye ndi Alfred Hitchcock anatipatsa Vertigo ndi Psycho, koma ubale wawo unathera pa Torn Curtain mu 1966, Hitchcock atakana nyimbo zake n'kutenga John Addison. Apa ine ndili kumbali ya Herrmann, chifukwa za Addison n'zopepuka kwambiri pa filimu imeneyo. Komabe taonani chodabwitsa: chigawo chomwe anthu amachikumbukira kwambiri mu Torn Curtain, pomwe akupha Gromek m'khitchini ya kumudzi, chinatuluka chopanda nyimbo iliyonse, ngakhale Herrmann anali atachipekera. Ziii ameneyo ndi amene amachititsa kuti uziona kuvuta kwa kupha munthu. Mlandu uliwonse uli ndi mutu wake. Pena wokanidwa ndiye anali bwino, pena wolowa m'malo, pena kukhala chete kunaposa onse awiri. Lamulo loti wokanidwa ndiye katswiri nthawi zonse ndi ulesi wa kaganizidwe.

Nanga wolakwa weniweni ndani? Yang'anani momwe mafilimu akuluakulu amapangidwira. Pomwe akudula ndi kulumikiza zithunzi, wopeka asanamalize, amaikamo nyimbo zogwirizira zotengedwa m'mafilimu ena, zomwe pantchitoyi amazitcha temp track. Wotsogolera amazimva miyezi ndi miyezi mpaka khutu lake limakwatirana nazo. Wopeka akabwera ndi zake, zimamveka ngati mlendo m'nyumba. Ndi zomwe zinamuonekera North. Kenako pamabwera kuonetsa kolawitsa kuja. Olawa akanena kuti filimu siikukoma, mabwana amayang'ana chomwe angasinthe mwachangu ndi motchipa. Kujambulanso nkhondo ya anthu zikwizikwi sikutheka. Kusintha Brad Pitt sikutheka. Chotsala n'chiyani? Nyimbo, poti ndizo zimalowa kumapeto. Wopeka amasanduka mbuzi ya nsembe pa zolakwa za olemba nkhani ndi odula zithunzi. Ndipo poti anagwira ganyu, nyimbozo si zake, sangazitulutse popanda chilolezo.

Umboni uli pa Petersen yemweyo. Ndi iye amene anatsogolera Air Force One pomwe Newman anachotsedwa, ndi iyenso pa Troy pomwe Yared anachotsedwa. Ndipo mu 2007, potulutsa Troy yotalikirapo momwe iye ankaifunira, anasokoneza nyimbo za Horner, kuzidula ndi kuzisuntha. Pandewu ija ya Achilles ndi Hector anachotsa ng'oma za Horner n'kuikapo nyimbo ya Danny Elfman ya mu Planet of the Apes. Mwamva? Amene mumamutcha wolanda uja naye analandidwa, m'filimu yomweyomweyo. Mpeni womwe unacheka Yared ndi womwewo unadzacheka Horner, koma inu mukukalipira nyama m'malo mwa wogwira mpeni.

Matendawa sanathe. Mu 2017 Jóhann Jóhannsson, yemwe anagwira ntchito ndi Denis Villeneuve pa Prisoners, Sicario ndi Arrival, anasiya Blade Runner 2049, ndipo Hans Zimmer ndi Benjamin Wallfisch anatenga malo. Villeneuve anafotokoza kuti ankafuna zoyandikira kwa Vangelis, mwini nyimbo za Blade Runner yoyamba ya 1982. Jóhannsson anamwalira mu Febuluwale 2018. Mpaka pano mupeza anthu akulumbira kuti nyimbo zake zikanaposa za Zimmer kutalitali. Mukawafunsa kuti munazimva kuti, amangoti kukamwa yasa, chifukwa sizinatulutsidwe. Apa ndiye pamaonekera poyera kuti mkanganowu suli pa makutu. Anthu amakonda nkhani ya katswiri woponderezedwa, ndipo amadana ndi aliyense amene dzina lake lamveka kwambiri.

Wina anena kuti, aise, zonsezi zikutikhudza chiyani ife? Zikutikhudza chifukwa khalidwe lake ndi lomweli timalionetsa tikamakangana za oimba athu: kusankha timu kaye, kumvera pambuyo. Ukayamba kuweruza nyimbo potengera amene wakumvetsa chisoni, makutu ako amagontha pang'onopang'ono, ndipo mabwana omwe amataya ntchito ya munthu ya chaka chathunthu amapitiriza mwamtendere, podziwa kuti mkwiyo wonse ukagwera wantchito mnzake.

Pempho langa ndi ili. Menyerani nkhondo kuti nyimbo zokanidwa zizitulutsidwa mwalamulo, monga zinachitikira ndi za North, kuti Yared naye adzamveke bwinobwino m'malo mwa timafayilo tozembetsa. Dzudzulani masitudiyo omwe amaika tsogolo la ntchito ya mmisiri m'manja mwa olawa a usiku umodzi. Ngati Horner simumukonda, mudzudzuleni pa zomwe anapeka, chigawo ndi chigawo, filimu ili patsogolo panu. Horner anamwalira pangozi ya ndege mu Juni 2015, sangadziyankhire. Kumutukwana chifukwa anavomera ganyu yomwe mwini filimu anamupatsa sikumubwezera Yared kalikonse.