ZA PAKHOMO PATHU: Nyumba Yakale ndi Dzuwa la Okutobala

Mwezi wa Okutobala ukafika dandaulo la anthu a mu Blantyre limakhala limodzi. Ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ngakhale ku Bangwe ndi ku Limbe kumene kuli kokwererapo, aliyense amati m'nyumba simukugoneka. Khanda limalira usiku wonse, agogo amasowa mtendere, ndipo mwana wa sukulu amadzuka ali wotopa kale. Ife amene timaima patsogolo pa kalasi timawaona ana otere akusinza nthawi isanakwane 10 koloko. Tsono mwezi uno tafuna kuti tikambirane za m'mene tingakonzere nyumba zathu zakale kuti zisamalowetse kutentha kwa dzuwa, ndiponso kuti ndalama za magetsi ndi makala zisamangotayika.

Nyumba zambiri za m'makomboni athu zinamangidwa kale. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo nyumba zambiri za ku Nkolokosa, Soche ndi Kanjedza nza bungweli. Zina anthu anadzimangira okha pang'onopang'ono monga m'mene thumba linkalolera. Masiku amenewo kufolera nyumba ndi malata chinali chizindikiro chakuti munthu watukuka, ndipo nzoonadi malata sadyedwa ndi chiswe, safuna kufoleranso chaka ndi chaka monga udzu. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Malata opanda siling'i pansi pake amasandutsa chipinda kukhala ng'anjo m'chilimwe, ndipo m'nyengo ya chisanu sasunga kufunda ngakhale pang'ono.

Kodi kutenthaku kumalowera kuti? Khomo lake lalikulu ndi denga. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni pa Blantyre, ndipo malata akuda kapena adzimbiri amatha kutentha kupitirira madigiri 60, pamene mpweya wa panja uli pa madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono. Malata oterewo amawalira anthu a m'nyumba monga m'mene mbaula imawalira munthu wokhala pafupi nayo. Khomo lachiwiri ndi khoma la kumadzulo. Njerwa zimamwa dzuwa la masana onse, ndipo usiku zimabweza kutenthako m'chipinda, nchifukwa chake chipinda cha kumadzulo chimakhala chotentha ngakhale pakati pa usiku. Khomo lachitatu ndi zenera la galasi limene dzuwa limalowerapo mwachindunji. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chakuta mapiri a Soche ndi Ndirande, makomo omwewa ndiwo amatulutsa kufunda kwa m'nyumba. Motero ntchito imodzi ikachitika bwino imatithandiza nyengo zonse ziwiri.

Amene anamanga kale ankazidziwa izi. Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga m'chaka cha 1882, iri ndi khonde lalikulu loteteza makoma ku dzuwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene Mbusa David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, chiri ndi makoma ochindikala ndi denga lalitali, ndipo munthu akalowamo masana amamva kuzizira popanda fani. Makolo athu kumudzi nawonso ankafolera udzu wochindikala, nasiya khonde kuzungulira nyumba. Nzeru zake nzomwezi: mthunzi pa khoma, chotchinga pakati pa dzuwa ndi mutu wa munthu, ndi njira yoti mpweya wotentha utulukire pamwamba.

Tiwerengere pamodzi

Tiyeni tsopano tichite samu yapafupi, yonga ya Sitandade 7. Fani ya mawati 50 ikayenda maola 10 imadya theka la yuniti. Pa masiku 30 ndiye kuti mayunitsi 15, ndipo nyumba ya mafani atatu imatha mayunitsi 45 pa mwezi. Hita ya mawati 1,000 ikayaka maola 4 madzulo alionse a Julayi imadya mayunitsi 4 pa tsiku, ndiwo mayunitsi oposa 120 pa mwezi. Ngati nyumbayo iribe siling'i, gawo lalikulu la kufunda kumene tagulako limakwera ndi kutulukira pa malata. Kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka.

Komanso tikumbukire kuti magetsi sakhalapo nthawi zonse. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Fani ilibe ntchito magetsi akazima, koma siling'i ndi mthunzi wa mtengo zimagwira ntchito usana ndi usiku osafuna yuniti.

Kuyambira pa denga

Ntchito yoyamba ndi kuyeretsa denga. Chinthu choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa, chakuda chimakumwa. Mu mzinda wa Ahmedabad ku India, kumene kutentha kunapha anthu ambiri m'chaka cha 2010, akuluakulu a mzindawo anakonza ndondomeko yolimbana ndi kutentha mu 2013, ndipo mu 2017 anayamba kupaka zoyera madenga a nyumba za anthu osauka. Ifenso tingathe. Tsukani malata, palani dzimbiri, tsekani mabowo a misomali, kenaka pakani penti yoyera ya padenga. Amene penti yawakulira mtengo angapake njereza mwezi wa Seputembala, podziwa kuti mvula idzaikokolola ndipo chaka chamawa adzapakanso. Wokwera padenga aponde pamene pali misomali, pakuti mpamene pali mtengo pansi pake.

Pano pali chenjezo. Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi asibesitosi. Denga lotere musalipale, musaliboole kapena kulicheka, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa amene amaonekera patapita zaka zambiri. Ngati lasweka, funsani amisiri odziwa za ntchitoyo.

Ntchito yachiwiri ndiyo siling'i, ndipo imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse. Mpweya umene uli pakati pa malata ndi siling'i umatchinga kutentha monga bulangete. Amene angathe agule mabolodi. Amene sangathe asataye mtima, pakuti mphasa za bango zokhomedwa bwino pa timitengo zimathandiza kwambiri, ndipo zimakongola. M'masitolo a zomangira mumapezekanso chipepala chonyezimira choyala kunsi kwa malata. Chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha pakakhala mpata wa mpweya ku mbali yonyezimirayo. Musanatseke kudenga, itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake aone mawaya onse, chifukwa waya wakale wosupuka akakhudzana ndi mphasa kapena makatoni ndiye chiyambi cha moto. Siyaninso timabowo pa makoma a m'mbali pamwamba pa siling'i kuti mpweya wotentha uzituluka, koma mutchingepo waya wa sefa kuti makoswe ndi mileme zisapezepo pogona.

Sikofunika kutchinga nyumba yonse chaka chimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani ndi chipinda chogona ana kapena okalamba, popeza ndiwo amene kutentha kumawafooketsa msanga.

Makoma, mazenera ndi mitengo

Khoma la kumadzulo lipakeni njereza kapena penti yoyera, ndipo lipatseni mthunzi. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala wobzalidwa mamita 5 kapena kuposerapo kuchokera pa khoma udzakupatsani mthunzi ndi zipatso. Bulugamu musamubzale pafupi, chifukwa mizu yake imang'amba maziko. Pamene mtengo ukukula, mangani kathandala ka nsungwi patsogolo pa khomalo ndi kuyangitsapo magalagadeya. Amene ali pa puloti yaing'ono angatalikitse denga pang'ono kuti likhale kakhonde.

Nyumba zambiri zakale ziri ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa mazenera. Ambiri anatitseka ndi nyuzipepala kapena simenti poopa fumbi ndi udzudzu. Titseguleni, ikanipo waya wa sefa. Masana dzuwa likaswa mtengo, tsekani makatani a mbali imene dzuwa likuomba. Madzulo kunja kukayamba kuzizira tsegulani mazenera a mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo idutse. Tikudziwa kuti mantha a akuba ndiwo amatseketsa mazenera usiku. Zitsulo zolimba ndi waya wa sefa pa zenera limodzi kapena awiri zimalola banja kugona motetezeka mphepo ikulowa, koma nthawi zonse mugone m'masikito.

Palinso kutentha kumene timadzipangira tokha. Babu lakale la mawati 60 limatulutsa kutentha kochuluka kuposa kuwala, pamene babu la LED la mawati 9 limawala chimodzimodzi. Firiji isatsamire khoma la kumadzulo, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata. Giza wosakutidwa amataya kutentha tsiku lonse, choncho mkuteni ndi chofunda chake chogula m'sitolo. Fani imaziziritsa thupi la munthu, siiziziritsa chipinda, motero wotuluka womaliza aizimitse. Mbaula yophikira ikhale pakhonde.

Za mbaulayi tinenetse. M'nyengo yozizira mabanja ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda ndi kutseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo munthu amafera m'tulo osadziwa. Nyumba imene mwaitchinga bwino ndiyo yoopsa koposa pa zimenezi, chifukwa mpweya woipawo sutuluka msanga. Otherani moto pakhonde, ndipo pokagona mbaula itsale panja. Banja likachepetsa makala ootha limathandizanso mapiri athu. Tonse tinaona m'mene phiri la Ndirande linatsalira lopanda mitengo, ndipo sitidzaiwala matope ndi miyala imene inatsika m'phiri la Soche kugwera anthu a ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Alendi ndi achinyamata

Ena adzati nyumba si yathu, tikuchita lendi. Nzoona, ndipo mlendi sayenera kukhoma kanthu popanda chilolezo. Koma kambiranani ndi mwini nyumba mwaulemu, mum'sonyeze kuti siling'i ndi penti ya padenga zidzatsala m'nyumba yake ndi kuikweza mtengo. Mukagwirizana zoti ndalama zake zizichotsedwa pa lendi, lembani papepala, pakhale mboni ziwiri. Ndipo inu eni nyumba, kumbukirani kuti pansi pa malata anuwo pamagona ana a anzanu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu anyamata ndi atsikana, iyi ndi ntchito ya manja anu. Tengani tepi, yezani m'litali ndi m'lifupi mwa chipinda, werengerani mphasa kapena mabolodi ofunika, mupereke chiwerengerocho kwa makolo. Amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mukusowa chochita, ganizirani za ukalipentala ndi umisiri wa magetsi pa sukulu zonga Soche Technical College ku Limbe. Nyumba zosowa siling'i mu mzinda uno nzosawerengeka, ndipo mmisiri wokhulupirika sadzasowa om'itana. Magulu a achinyamata angasankhenso Loweruka limodzi kukapaka njereza ndi kukhoma mphasa m'chipinda cha mayi wamasiye kapena agogo a m'dera lawo. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono makolo, khalani pansi ndi ana anu sabata ino, muyendere nyumba yanu chipinda ndi chipinda, muone kumene dzuwa likulowera. Lembani ntchito zitatu, muyambe ndi yotsika mtengo. Timabowo ta mpweya tingatsegulidwe lero lomwe, mbande ya mtengo idzalowe pansi ndi mvula yoyamba, ndipo za siling'i muyambe kusungira ndalama mwezi uno. Tikumanenso mwezi wamawa pa tsamba lomweli.